Chitini cha Duane Brekke

Amuna anga a Orval ali ndi matenda amodzi amene madokotala a mumzinda wa Billings sanawapezere dzina. Akaona chitsulo chothyoka, dzanja limalowa lokha m'thumba kukatenga choyezera. Atha zaka makumi anayi akusema zitsulo m'shedi yathu, kukonza mathirakitala ndi mapampu a chigwa chonse chino, ndipo sindikumbuka tsiku limene anauza munthu kuti izi sizitheka. Makina a m'shedimo ndi amene anawadya makutu. Lakumanja linafa kalekale. Lakumanzere linkamvako pang'ono, ndiye ine ndinazolowera kuyenda kumanzere kwawo, kukhala kumanzere kwawo m'tchalitchi, ngakhale kuwakalipira ndinkayamba ndazungulira tebulo.

M'mawa wina mu Epulo, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikusungunuka msewu wonse uli matope okhaokha, pikapu ya Duane Brekke inaima pakhomo. Duane amaweta nkhosa kutsidya kwa mtsinje. Iye ndi a Orval anakulira limodzi, ndipo moni wawo ndi kunyozana.

"Alamu, gonthi wanu uja alimo?"

"Alimo," ndinatero. "Koma mukweze mawu. Anthu awiri inu mukaphatikiza makutu amangokwana a munthu mmodzi."

Anakhala pansi n'kusolola sokosi m'thumba la jekete. M'sokosimo munali chochepetsa phokoso la mfuti, chimene kuno timangoti chitini. Anachimasula n'kukhuthulira patebulo langa tizitsulo take tam'kati, tooneka ngati timakapu. Kamodzi kanali kong'ambika. Chipolopolo chinakagunda potuluka.

Chitini chimenecho sichinali chodzionetsera. Duane naye anatsala ndi khutu limodzi, ndipo dokotala anamuuza mosapsatira kuti akawomberanso mfuti yopanda chitini, kaya atseke makutu kaya asatseke, akhoza kulitaya. Mkazi wake Verna anachita sitiroko zaka ziwiri zapitazo, ndipo mawu amene anatsala nawo ndi onong'ona. Akafuna madzi, akafuna kutembenuzidwa pabedi, amene amamva ndi Duane, ndi khutu lomwelo.

A Orval anali atayeza kale kachitsuloko khofi asanazizire.

"Theka la ola," anatero. "Ndipo kanga kadzaposa aka."

"Ndimadziwa ine, mdala," anatero Duane.

Ine ndi amene ndimawerenga mapepala m'nyumba muno, ndiye ndinazungulira tebulo. Ndinawauza zimene onse awiri ankazidziwa bwino. Pamaso pa boma, kachitsulo kalikonse kam'kati mwa chitini ndi chitini chathunthu. Ukasema kamodzi ulibe laisensi ya opanga mfuti, wapanga chitini chosalembetsa, ngakhale ukungosinthira kothyoka m'chitini chimene mwini wake ali ndi mapepala ake onse. Chilango chake chimafika zaka khumi m'ndende. Oyenera kukonza ndi kampani ya laisensi basi.

"Ndawaimbira foni," anatero Duane. "Akuti milungu isanu ndi umodzi. Nkhosa zayamba kuswa, alamu. Nkhandwe zanditengera kale ana anayi. Ndizikazionetsa mapepalawo?"

Anasiya sokosi yake patebulo ngati waiwala, n'kupita kutauni kukatenga chakudya cha ziweto. Sanaiwale. Ndamudziwa zaka zambiri.

Masana ndikuyanika zovala ndinamva makina akulira m'shedi. Ndinathamanga ngati mtsikana, ine wa mawondo awa. Ndinapeza ndodo yachitsulo ili kale m'makina ikuzungulira, a Orval atawerama, lilime lili pakona ya pakamwa monga amachitira akamasangalala. Mpeni wa makinawo unali usanakhudze chitsulo. Ndinazimitsa magetsi a shedi yonse.

"Inu a Orval, mwapenga?"

"Adzadziwa ndani, Ardith?"

"Duane akangomwa mabotolo awiri chigwa chonse chimadziwa chimene wadya m'mawa. Ndipo taonani apo."

Ndinaloza pabenchi. Anali atandandalika kale tizidindo tawo tiwiri, O ndi S. Chilichonse chotuluka m'shedi imeneyo, ngakhale kabawuti ka pageti, amachidinda zilembo za dzina lawo, Orval Stenseth. Munthu ankakonzekera kupalamula mlandu wa zaka khumi ndi kusainapo.

Anayang'ana tizidindoto nthawi yaitali. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi, n'kumasula chitsulo chija.

Musaganize kuti ndinasangalala. Lamulo limenelo ndimaliona lopanda nzeru pa kachitsulo konga kakapu ka mwana, ndipo ndimanena poyera. Koma a Orval ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Zaka khumi kwa iwo ndi moyo wonse wotsala.

Duane atabwerera anapeza chitini chake chili m'katoni, adiresi ya kampani nditalemba kale ndi dzanja langa. Nkhope inasintha.

"Ndimayesa mnzako akapsa ndevu umamuzimira," anatero, akuyang'ana ine osati mnzakeyo. "Chabwino. Ndiziwombera choncho. Verna azindigwedeza ndi ndodo akandifuna."

Mawu amenewo anandilasa. Anayankha ndi a Orval.

"Iwe mfuti usaigwire. Nkhandwe zakozo ndibwera ndine."

"Iwe? Ndi maso akowo?"

"Ndinkakuposa kuwomba mfuti tili ana, ndikukuposabe. Ndipo ine makutu anatha kale. Palibe chowononga."

A Orval alibe chitini. Ankati kugulira gonthi chitini kuli ngati kugulira wadazi chipeso. Ndinawapatsa zotsekera makutu zam'shedi, zazikulu zija, ndipo analonjeza kuti azivala.

Kuyambira tsiku lotsatira ankadzuka kukacha, kutenga khofi m'fulasiki ndi mfuti yakale ya bambo awo, n'kukakhala pakaphiri koyang'ana khola la Duane. Ine ndinkamva kuwombako ndili kukhitchini. Mawu a mfuti yopanda chitini amawoloka mtsinje n'kugunda mawindo. Mlungu wachiwiri ndinakwera pikapu yathu ndipo ndinapeza zotsekera makutu zija zili pansi pa mpando, fumbi lili mbuu.

"N'zimenezi munalonjeza?" ndinawafunsa a Orval.

"Ndikavala sindimva nkhosa," anatero. "Nkhandwe suiona, Ardith. Umamva nkhosa zazikazi zikasintha kalilidwe, ndiye umadziwa koyang'ana. Ndikamva ndilibe nthawi yovala zipewa."

Apo ndi pamene ndinayenera kuzindikira. Munthu amene makutu ake anatha samva kalilidwe ka nkhosa. Ndinakalipa, ndinaopseza kuti ndibisa makiyi, koma sindinabise. Ndinkaganiza za Verna ali chigonere, akunong'ona dzina la mwamuna wake m'nyumba yopanda womumva. Ndinawasiya apite. Ndinawerenga kuwomba kulikonse, ndipo pofika kumapeto kwa Meyi kunakwana khumi ndi kasanu ndi kawiri.

Katoni inabwera Lachinayi. Duane anafika nayo kwathu asanaitsegule, m'dzanja lina atanyamula mwendo wa nkhosa wokulunga m'pepala. Anali atatayako ana awiri okha chiyambire ulonda wa a Orval, ndipo za mkwiyo uja sanatchulenso, ine sindinatchulenso. Iye ndi a Orval anapita kushedi, ine ndinaika khofi pamoto.

Nditawatsatira ndinapeza chitini chili chomasula pabenchi. Nambala yake yolembetsera, yodinda kunja kwake, inali yomweyo, kachitsulo katsopano kali m'kati, kosemedwa ndi munthu wa laisensi amene sitidzamuona. A Orval anali atakatenga kale ndi choyezera chawo, akupukusa mutu.

"Milungu isanu ndi umodzi," ankatero mokweza kwambiri, kuposa mmene amalankhulira. "Taona m'mphepetemu. Mwana wasukulu angachite bwino."

Duane anali pakhomo la shedi, chakutali, akuchotsa matope kunsapato. Ine ndinapita pamalo anga, kumanzere kwa amuna anga, pafupi moti phewa langa linatsala pang'ono kukhudza lawo.

"Khofi wapsa," ndinatero, ndi mawu amene ndakhala ndikuwaitanira zaka zonsezi.

A Orval anapitiriza kuyeza.

"A Orval. Khofi."

Amene anatembenuka ndi Duane, kuchokera pakhomo paja. Anamva kawiri konse. Anandiyang'ana, anayang'ana mnzake, ndipo nsapato imene ankaipala inatsala m'mwamba. Pang'onopang'ono anavula chipewa.

Ndinagwira a Orval pamkono. Anadzidzimuka, kenako anamwetulira n'kundionetsa kachitsulo kaja.

"Wabwera nthawi yanji?" anandifunsa.