Korea wa a Chisenga kuseri kwa tchalitchi

"Mundipatse miyezi inayi basi," anatero a Chisenga uku akumenya thebulo m'holo ya tchalitchi ku Balga, mumzinda wa Perth ku Australia. "Miyezi inayi, makasu ndi anthu omvera. Kamchenga ka kuserika kasanduka Korea. Mudzadya mondokwa mpaka mudzandigwadira kuti ndileke kulima!"

Tinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Munali mu Okutobala 2020, malire a dziko ali otseka chifukwa cha mliri, palibe wopita kumudzi, ndipo nkhuli ya mondokwa wowotcha inali itatigwira moti ena timachita kumulota. Chimanga cha m'masitolo a ku Cannington ndi chotsekemera ngati nzimbe, munthu wa ndevu sangachitchule chimanga.

Nkhani inali ya kamalo ka kuseri kwa tchalitchi. Abusa Msaiwale anali atanena poyera kuti tikalimapo chooneka pofika Loweruka lomaliza la Febuluwale, malowo akhala dimba la Amalawi mpaka kalekale. Tikalephera, athirapo miyala pakhale poimika magalimoto, poti Lamulungu lililonse anthu a mumsewumo amadandaula kuti tikuwatsekera zipata.

A Chisenga ndi okonza makina pa mgodi wina ku Northern Territory. Pobwera ku Perth ulendo umenewo anawatsekera m'hotelo masiku khumi ndi anayi a m'bindikiro, poti ngakhale malire a zigawo za dzikolo anali otseka. Anzawo m'zipinda zina amaonera mpira. Iwo amaonera mbiri ya mayiko pafoni, m'mawa mpaka madzulo. Analowa m'hotelomo ali makaniko, anatuluka ali pulofesa.

"Tamverani," anapitiriza. "Nkhondo itatha mu 1953, Korea wakumwera anali phulusa lokhalokha, umphawi wake ngati wathu womwewu. Kenako asilikali anatenga boma, nati zokangana zatha, aliyense kuntchito. Woyandikana naye, Taiwan, chimodzimodzi, ulamuliro wa asilikali zaka pafupifupi makumi anayi. Uyu akapanga wailesi, mnzake wapanga wailesi ya kanema. Uyu akapanga njinga, mnzake wapanga sitima ya pamadzi. Lero foni ili m'thumba mwanumo yachokera kuti? Ku Dowa?"

Anthu anaseka. Koma akazi awo, mayi Edda, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, anakweza dzanja.

"Bambo a Tasha, nanga ophunzira amene amawaponya m'ndende aja, ndiwo anali feteleza wake? Komanso ife kwathu tinali nalo dzanja lachitsulo zaka makumi atatu. Mafakitale athu ali kuti?"

"Dzanja linalipo, mayi a Tasha, koma pulani panalibe. Ine ndili nazo zonse ziwiri."

Basi tinawasankha kukhala tcheyamani. Chisankho chimenecho chinali choyamba, ndipo iwo analengeza pomwepo kuti ndi chomalizanso.

Malamulo anabwera pa gulu la pafoni tsiku lomwelo. Aliyense mzere wake. Chimanga chokhachokha, za nkhwani ndi mpiru ndi zochedwetsa chitukuko. Mafunso ayi. Ndipo mizere ikhale yofika m'mawondo, monga amaungira bambo awo ku Mchinji.

Loweruka lotsatira tinali pa ntchito. Mukanationa! Mainjiniya, manesi, oyendetsa mabasi, anthu amene makasu anawasiya zaka makumi awiri zapitazo, tonse weramu, nyimbo ili pakamwa, thukuta kamukamu. A Chisenga amayenda ndi kandodo koyezera kutalika kwa mzere, magalasi akuda ali pamphuno.

Tili mkati moimba, pamwamba pa mpanda panatulukira chipewa chachikulu, pansi pake pali nkhope ya mayi wachikulire. Anali mayi Gwak, Mkoreya weniweni, amene nyumba yawo yagundana ndi tchalitchi. Anayang'ana mizere yathu, kenako anafunsa m'Chingerezi chawo chodukaduka ngati tikukwirira anthu.

"Tikudzala chimanga, mayi," anayankha a Chisenga.

"Pamwamba pa mapiriwo? Mchenga wa kuno sumwa madzi. Dzinja la kwanu kuno kulibe, miyezi ikubwerayi ndi dzuwa lokhalokha. Kumbani maenje, thiranimo manyowa, dzalani pansi."

Chipewa chinabwerera kumene chinachokera. Mayi Edda anati, "Mwamva? Korea wanu uja walankhula."

A Chisenga anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa foni, ndipo mafoni athu onse analira nthawi imodzi. Uthenga unali woti mayi Edda achotsedwa pa gulu. Akazi awo enieni, ali chiimire pomwepo ndi khasu m'manja! Mayiwo anatsamiritsa khasulo pa mpanda mwaulemu, nasasa mchenga pa chitenje.

"Zikomo bwana. Kuyambira lero za boma lanu muzifunsa nduna zanu. Ine ndili kunja kwa dziko."

Titadzala, a Chisenga anabwerera ku mgodi. Chifukwa cha zotsekatseka za malire anaganiza zokhala komweko mpaka Febuluwale, kusiyana n'kumabindikira m'hotelo ulendo uliwonse. Asananyamuke anasankha a Lenard, bambo wofatsa woyendetsa galimoto yogawa katundu, kukhala Nduna ya Malipoti. Ntchito yawo inali kujambula munda Lachisanu lililonse n'kutumiza pa gulu.

Tinathirira, abale. Palibe amene anachita ulesi. Koma ukathira madzi pamwamba pa mzere, amatsetsereka ngati pa lata, n'kukathera m'khwawa momwe mulibe mbewu. Dzuwa la Disembala litafika, mizere imatentha ngati chiwaya. Chimanga chinamera, chinaona kumene chabadwira, chinayamba kupota masamba.

A Lenard anatumiza chithunzi choona. Yankho linali uthenga wa mawu wa mphindi khumi ndi imodzi. A tcheyamani anati uku ndi kugalukira, anatchula mayina a eni mizere yofota mmodzimmodzi, ndipo anati nduna yobweretsa malipoti ofooketsa mtundu itsatira mayi Edda kunja kwa dziko. Pa gululo ndi pomwe timamvera za maliro a kumudzi, za ntchito, za amene wapeza ufa woyera wotchipa. Ndani angafune kuchotsedwapo nthawi ya mliri?

Lachisanu lotsatira a Lenard anaima pa mpanda ali ndwii, maso ali kutsidya. Kuseri kwa nyumba ya mayi Gwak kunali chimanga chobiriwira, chonenepa, chodzalidwa m'maenje okutidwa ndi udzu. Anagogoda pa chipata chawo n'kufotokoza vuto lawo lonse.

Mayi Gwak anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati iwo anayamba kusoka malaya m'fakitale ku Seoul ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, maola khumi ndi anayi pa tsiku, denga lake lotsika moti munthu samatha kuimirira bwinobwino.

"Dziko linalemera, inde," anatero. "Msana wanga ndi umene ukudziwa mtengo wake. Bwana wanu akufuna lipoti lokoma? Mabwana otere ndikuwadziwa. Lowani, jambulani. Mbali iyi ndiyo yooneka bwino."

Chithunzi chitafika pa gulu, a Chisenga anatumiza tizithunzi ta mbendera tisanu ndi tiwiri. "Mwaona zimene kukalipa kumachita? Sabata imodzi yokha!" Tonse tinayankha ndi tizithunzi ta manja owomba. Aliyense amadziwa, ndipo aliyense amadikira kuti mnzake ndiye anene.

Kuyambira pamenepo chitukuko chinathamanga. Mu Januwale chimanga chinapitirira mutu wa a Lenard. Chinamasula ngaiyaye, chinabereka ana awiriawiri. A tcheyamani anawakweza a Lenard kukhala wachiwiri wawo. Poimbirana foni ndi akazi awo amati, "Mayi a Tasha, simukupepesabe?" Mayiwo amangoti, "Ndidzapepesa m'munda momwemo, pamaso pa anthu."

Febuluwale atafika analowanso m'hotelo ya m'bindikiro, ndipo masiku khumi ndi anayiwo anawathera poitana alendo. Anaitana Amalawi a ku Ellenbrook, a ku Cannington, azibale athu a ku Zambia, ngakhale anzawo a ku mgodi. Anaitanitsa mbaula zitatu ndi matumba a makala. Anakonza zoti atuluke m'hotelo Loweruka la pangano lija m'mawa n'kulunjika kumunda.

Tsikulo msewu wa tchalitchi unadzaza. Magalimoto mbali zonse, ena pa kapinga wa eni ake, malipenga ali pipipi. Amayi anabwera ndi mchere ndi tsabola, ana ndi mbale. A ku Zambia, amene chimanga amati milisi, amafuula kuti, "Ba Chisenga, tabwela kudya milisi ya ku Korea!" Makala anayaka. A Lenard okha ndi amene amayendayenda ngati munthu wotsegula m'mimba.

Mayi Edda anakawatenga amuna awo pa galimoto yawo ya kabokosi kumbuyo. A Chisenga anatsika atavala suti, magalasi akuda ali pamalo pake, pepala la zolankhula lili m'manja. Anagwirana chigongono ndi abusa Msaiwale, natsogolera khamu lonse kuzungulira tchalitchi.

"Abusa, lero muona chimene dzanja limodzi lolimba..."

Anaima pomwepo. Mizere inalipo, yowongoka bwino, yofika m'mawondo monga mwa lamulo. Pamwamba pake panali timapesi touma, totalika ngati pensulo. Mphepo imauluza mchenga.

Anavula magalasi. Anatulutsa foni, nayang'ana chithunzi cha dzulo, nayang'ananso munda. Kenako maso awo anakwera mpanda n'kupeza ngaiyaye zikugwedezeka kutsidya, ndi chingwe choyanikira zovala chimene chimaoneka pakona pa zithunzi zonse.

"A Lenard!"

"Wawa bwana."

"Chimanga changa chili kuti?"

"Chili ku Korea, bwana. Munati mukufuna Korea."

Chipewa chija chinatulukiranso pa mpanda. Mayi Gwak anatambasula dzanja ali ndi chimanga chimodzi chokha, chachikulu ngati mkono.

"A pulezidenti, tengani. Ichi ndi chimene chinajambulidwa kwambiri."

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo anachimva anthu a m'misewu itatu. Koma malipenga kunja sanaleke, ndipo bambo wina wa nyumba yoyang'anana ndi tchalitchi anali atafika kale kudzadandaula za chipata chake. Abusa anayang'ana mizere, anayang'ana kumsewu, napukusa mutu.

"Pangano ndi pangano, a tcheyamani. Alendo anuwa akutseka msewu. Tsegulani geti la kuseri, magalimoto alowe."

Woyamba kulowa anali mayi Edda, pa galimoto ya amuna awo. Anatsitsa galasi, nafunsa mokoma kuti, "Bambo a Tasha, ndiimike pa mzere wa ndani?"

Sanadikire yankho. Anasankha wa a tcheyamani, umene unali wautali kuposa yonse, ndipo unaphwasuka pansi pa matayala popanda ngakhale phokoso.