Folarin ndi Akwatibwi Atatu

Folarin anali asanaonepo nkhope ya mkazi amene ankafuna kumukwatira. Maso ake anazima kale, njinga yamoto itamuponyera m'ngalande mu mzinda wa Ibadan n'kumumenyetsa mutu. Madokotala anati maso enieniwo ali bwino, koma mtsempha wopita ku ubongo ndiwo wawonongeka. "Babu ndi lamoyo, waya ndiye waduka," ankatero iye kwa azimayi odzagayitsa tsabola pa chigayo chake mumsika. Morenike anadziwana naye pomwepo. Mtsikanayu ankabwera kudzadandaula kuti tsabola sanagayike bwino, mawa lake n'kubweranso ndi wina, mpaka msika wonse unadziwa kuti nkhani si tsabola ayi.

Mlongo wake wa Folarin, amene ndi namwino, anamva za kafukufuku wa pa chipatala china ku India, ndipo anamutengera kumeneko. Madokotala a kumeneko anamuboola fupa la m'chiuno n'kusefamo timaselo tosakhwima, tija tisanasankhe ntchito yoti tigwire m'thupi, kenako anatibaya kuseri kwa diso.

"Tikungoyesa, bambo," anatero dokotala. "Ena sasintha n'komwe."

"Zikatheka, ndiye kuti ndiziona ndi chiuno?" anafunsa Folarin. Dokotala sanaseke, koma mlongo wake wa Folarin anachita kukasekera panja.

Patapita miyezi, diso lamanzere linatsegula kazenera kakang'ono, kachifunga. Ankaona mitundu, ankaona chinthu chikasuntha. Nkhope zokha zinali mbuu, ngati ufa.

Tsono Morenike analeredwa ndi bambo ake aakulu, a Adigun, munthu wa mimba yofika pakhomo mwini wake asanafike. Iwo ukwatiwu sankaufuna.

"Akuti akuona? Tikaonera pa chinkhoswe," anatero. "Tikamutulutsira atsikana atatu ofunda kumutu, aloze yekha wake. Akaphonya, anyamule zilazi zake azipita. Mwana wanga sangapite kwa munthu wopatsa moni mtengo wa magetsi."

Masiku onse zimenezi zimakhala masewera chabe, koma a Adigun sankasewera. Azakhali a mtsikana, a Sikira, anayesa chinyengo: anamuveka Morenike zibangili zolira kuti mnyamata amve. A Adigun atazindikira, anaveka zibangili atsikana onse atatu, anawapopera mafuta onunkhira amodzimodzi, n'kuuza oimba ng'oma kuti aombe ngati akuthamangitsa dzombe.

Tsikulo Folarin ndi anzake anagona chafufumimba pamaso pa apongozi popereka ulemu monga mwa mwambo wa kwawo, mikanjo yoyera n'kudya fumbi. Atadzuka, akwatibwi analowa akuvina: atatu, msinkhu umodzi, nsalu zobiriwira zofanana, nkhope zophimba.

Folarin anapendeka mutu kuti kazenera kaja kalunjike bwino. Anaona zinthu zitatu zobiriwira, mtima n'kudumpha ndi chimwemwe. Kuona akuona, koma aloza chiyani? Morenike wake ankamudziwa ndi khutu ndi mphuno, ndipo zonsezo a Adigun anali atazitseka.

"Mkamwini, dzuwa likupita!" anafuula a Adigun. "Kapena tikuitanire a ku India adzakusankhire?"

Anthu anaseka. Ndiye Folarin anatambasula dzanja, napempha maikolofoni kwa mayi woyendetsa mwambo.

"Apongozi anga, ndisanaloze, ndinene chilungamo pamaso pa anthu. Mkazi ndikufunayo mtima wake ndi wabwino. Koma mpunga wake wa jolofu, uja wophikira pamodzi ndi tomato ndi tsabola, pepani, umachita kumata ngati phala la mwana. Ndikamukwatira ndimutumiza ku Ghana akamuphunzitse kuphika."

Aaa! Bwalo lonse linakuwa. Mayi wina anagwetsa mbale. Paja anthu a dziko lawo ndi a ku Ghana amalimbana kwambiri pa za amene amaphika jolofu wokoma. Kuuza mwana wa ku Ibadan kuti akaphunzire jolofu ku Ghana, pamaso pa abale ake! Oimba ng'oma okha ndiwo anapitiriza, poopa a Adigun.

Folarin sanamvere phokosolo. Anangoti diso tong'o. Zobiriwira ziwiri zinkagwedezeka mapewa, zikuseka. Chachitatu, cha kumapeto, chinaima njo. Pang'onopang'ono mkono unakwera n'kukhazikika m'chiuno, mutu n'kupendekera kumbali.

"Uyo!" anakuwa Folarin, akuloza ndi maikolofoni. "Wagwira m'chiunoyo! Ndi wanga ameneyo, ndipo andipha!"

A Sikira anayamba nthungululu nsalu isanavundukulidwe n'komwe. Mlongo wake wa Folarin anakhala pansi n'kulira, duku lili pambali.

"Wakunong'oneza ndani?" anafunsa a Adigun.

"Ndi ng'oma zanuzi, atate? Ngakhale ine sindikudzimva. Ndaona ndi diso langali."

A Adigun anayang'ana oimba ng'oma, anayang'ana mkono umene unali udakali m'chiuno. Mimba inayamba kugwedezeka yokha, kenako chiseko chinatuluka.

"Mutenge! Koma za ku Ghana zo ukazimalize wekha, ine sindilowererapo."

Folarin anayandikira nakweza nsalu ija. Anasendeza nkhope yake pafupi kwambiri, mpaka azakhali anakhosomola.

"Ukuona chiyani?" anafunsa Morenike.

"Mbuu yekhayekha. Koma pakati pali kanthu koyera. Ndi mano?"

"Ndi mano."

"Akuseka kapena akufuna kuluma?"

Morenike anamugwira khutu n'kulipotokola bwinobwino, misozi ikutsika, akuseka.

"Zonse ziwiri, bambo a ku Ghana. Gwira dzanja langa tikagwade, anthu akufuna kudya."