Nkhosa Imene Ndinaithamangitsa Ndekha

Pakamwa panga pamathamanga kuposa miyendo yanga, izi mpingo wathu wonse umadziwa. Ndimatha kuyenda ngati abusa, kutsokomola ngati mkulu wa mpingo, ngakhale kuimba ngati amayi busa mawu akawathawira kudenga. Anthu amaseka mpaka kugwira nthiti, ine n'kumadziona ngati mchere wa mpingo.

Lamulungu lina abusa analalikira za m'busa amene anasiya nkhosa zonse n'kupita kukasaka imodzi yosochera. Ameni wanga anaposa wa aliyense. Titatuluka, amayi busa anatigawira anthu oti tikawayendere.

"Azakhali, inu mupite kwa telala, mwana wa achimwene anu. Miyezi isanu mpando wake ukungotola fumbi."

"Ameneyo ndibwera naye paphewa," ndinatero. "Mundikonzeretu mankhwala a msana."

Telalayo timamutcha Singano chifukwa cha kuwonda. Ndi bambo wa ana atatu, ndipo ali ndi chibwibwi chibadwire. Mawu akamukanirira amatsinzina n'kudzimenya pantchafu.

Lolemba m'mawa ndinamupeza m'kashopu kake akupinda thalauza la sukulu, tepi m'khosi, choko kuseri kwa khutu. Ndinakhala pa mulu wa nsalu, Baibulo pamiyendo.

"Ndikanakuwerengera mawu, koma magalasi ndaiwala. Iwe nkhosa yowonda, khola walithawiranji? Mulungu akukusaka, wachita kutuma nkhalamba."

Makina anapitiriza kulira. Kenako anachotsa phazi.

"A-azakhali, mukukumbukira tsiku lija ndinawerenga kutsogolo?"

Ndinkakumbukira. Kanali koyamba, ndipo anakonzekera mlungu wathunthu. Pa liwu lina anakakamira mpaka thukuta. Mapemphero atatha, tikutsuka timakapu ta mgonero pampopi wa kuseri kwa tchalitchi, ine ndinamuyerekezera: kutsinzina, kumenya ntchafu, zonse. Mayi wina anagwetsa thireyi ndi phwete.

"Ndinali pazenera, ndi-ndikupachika katani," anatero Singano. "Mwana wanga wamkazi anali pampopi pomwepo. Nayenso anaseka."

Ndinafunafuna nthabwala m'kamwa monse, osaipeza. Ndinangoyang'ana mabatani m'chitini.

"Pepa, mwana wanga."

"Pitani bwino, azakhali." Makina anayambanso kulira.

Njira yobwerera inatalika. Abusa ananena kuti nkhosa inasochera, koma sananene amene anaigenda. Ndipo chinandiwawa kwambiri ndi ichi: magalasi amene ndimaiwalawo kulibe. Maso anga amaona nyerere pa kolala ya abusa. Sukulu ndinalekera kalasi yachiwiri, kuwerenga kwanga n'kwa chala, liwu limodzi mpaka tiyi kuzizira. Amene ankadziwa ndi Singano yekha, chifukwa ndiye amandiwerengera makalata ndi mapepala a kuchipatala. Zaka zonsezi sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake.

Lachitatu ndinapita kwa abusa kukapempha kuti Lamulungu ndiwerenge ine fanizo lomwe lija. Anakondwa. Pobwerera ndinasuzumira m'kashopu.

"Lamulungu ndikuwerenga ine. Ubwere udzaseke, ubwezere. Utengenso mwana wako."

Sanadzutse mutu.

Lamulungu ndinaima kutsogolo. Ndinaika chala pa mzere n'kuyamba kukoka mawu kamodzikamodzi ngati ndikutulutsa ulusi m'nsalu. Liwu lachitatu linandikanira. Ndinabwerera. Linandikaniranso.

Wina anaseka kumbuyo. Kenako amayi a kwaya. Kenako theka la tchalitchi. Ndinamva mayi wa thireyi uja akunong'ona mokweza, monga amanong'onera iye:

"Eee, azakhali awa! Akumuyerekezeranso Singano!"

Anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kuseka ankaganiza kuti ndi sewero. Nditakweza maso ndinamuona Singano ataima pakhomo, mwana wake wamkazi pambali pake. Anabweradi, n'kupeza mpingo wonse ukumuseka kachiwiri. Anayamba kutembenuka.

"Sindikusewera!" ndinakuwa. Anasekabe, poti ngakhale zimenezo ndimanena ndikamasewera. Ndinamenya buku pagome. "Sinditha kuwerenga ine! Magalasi ndilibe, sindinakhalepo nawo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukunamizani. Amene amandiwerengera ndi uyo ali pakhomoyo, amene ndinamuchita chipongwe pampopi, inu n'kumandithandiza."

Abusa anayang'ana nsapato zawo. Ine nkhope inkayaka ngati simbi, koma kukhala pansi sindikanatha, fanizo linali lisanafike n'komwe pamene nkhosa ikusochera. Ndinabwezera chala pa liwu lija. Linali pomwepo, likundidikira ngati galu wolusa. Misozi inagwera papepala, zilembo n'kuyamba kusambira.

Ndinamva nsapato zikubwera pakati pa mipando, pang'onopang'ono. Kenako fungo la mafuta a makina. Chala chowonda, chokhala ndi zipsera za singano, chinakhala pansi pa changa. Anatsinzina, anadzimenya pantchafu, liwu linatuluka. Ine ndinabwereza. Tinapitiriza choncho, ine kupunthwa, iye kukakamira, mavesi anayi okha mpaka ana kuyamba kuyasamula. Palibe anaseka.

Ine ndinanyamuka Lolemba ndikudziyesa m'busa. Koma amene anakodwa paminga akulira pamaso pa anthu ndinali ine, ndipo amene anasiya malo ake abwinobwino pakhomo kudzandiwonjola ndi yemwe ndinamugenda. Ngati Mulungu amasaka chonchi, ndiye kupezedwa kumachititsa manyazi kuposa kusochera.

Potsika masitepe ndinatsamira phewa lake, lija la mafupa okhaokha.

"A-azakhali," ananong'ona, "amayi busa anandiuza kuti mu-munalonjeza kundinyamula."

"Khala chete, ndigwire."

Anandikhazika pampando wanga. Iye anapita pa wake, anapukuta fumbi ndi mpango, n'kukhala.

Tsiku limenelo timakapu tinatsuka ngati tili pamaliro. Mwana wamkazi wa Singano anabwera kudzaima pafupi nane n'kumalandira timene ndatsuka kuti apukute. Nthabwala ina yabwino kwambiri ya chipewa cha amayi busa inafika mpaka pamilomo. Ndinaimeza. Inandikhala pakhosi mpaka Lachiwiri.