Amayi Kathleen Akana Kukwera Galimoto

Amayi Kathleen anatuluka m'kiliniki ya kwawo ku Chelstone. Nesi, mayi wamtali dzina lake Ng'andu, anali atawayeza kawiri kuti atsimikize, ndipo sanawabisire.

"Ba mami, BP yanu yakwela maningi," anatero nesiyo. "Mapilisi aya muzimwa siku iliyonse, muchepeseko na mchele. Koma chinangu, muyambe kuyenda na mendo, olo hafu awa chabe pa siku."

Sanafunike kuuzidwa kawiri. Mkulu wawo, a Helen, anagwa ndi sitiroko chaka chatha, ndipo mpaka pano ali gone ku Kabwata, phala amachita kumwetsedwa ndi sipuni. Amayi Kathleen ankaopa zimenezo kuposa imfa yeniyeniyo.

M'mawa mwake anamanga chitenje, ulendo wa kumsika, wapansi. Sanapite patali. Galimoto ya a Kalenga, mnansi wawo, inaima pambali pawo.

"Shani ba mami! Kwelani. Muyenda bwanji na mendo ine nilipo?"

Munthu wakuimira ndi mtima wabwino, umukana bwanji? Anakwera. Mawa lake anawatola mkazi wa katekisiti. Tsiku lina kondakitala wa minibasi, amene anakula akudya zitumbuwa zawo, anachita kuwagwira dzanja n'kuwakhazika kutsogolo. Anthu a ku Chelstone ndi aulemu, koma ulemu wawowo unatsala pang'ono kupha mayi wa eni ake. Sabata inatha asanatuluke n'thukuta lomwe.

Ndiye analimba mtima n'kuyamba kukana. Galimoto ikaima, ankangowomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo, niyenda chabe." Apa m'pamene nkhani inabuka. Ena ankati zinthu zawavuta pakhomo. Ena ankati akangana ndi mwana wawo Dalton, amene amakhala ku Woodlands ndipo amagwira ntchito m'tauni.

Loweruka Dalton anatulukira, nkhope ili gwa. Anakana ngakhale mpando.

"Mami, mwanichitisa nsoni," anatero. "Ba Kalenga banitumila foni ati, 'Iwe, ba mai bako bayenda mu fumbi monga balibe mwana.' Nakulakwilani chani? Ngati mufuna motoka, si munitumile chabe?"

"Ni ba nesi bananiuza, mwana wanga."

"Nesi wa bwanji wouza muntu mukulu kuti aziyenda pa zuba?"

Amayi Kathleen anamumvera chisoni. Dalton sanali mwana wamwano. Anakula akuona mayi ake atasenza beseni la zitumbuwa, mapazi atang'ambika, ndipo analumbira ali wamng'ono kuti akadzakula mayiwo sadzapondanso fumbi. Tsopano iwo ankaoneka ngati akum'tayira lumbiro lakelo pamaso pa anthu. Anasiya kuyenda kuti asamupweteke mtima.

Koma thupi silimva zaulemu. Mutu unayambanso kuwawa, khosi kulemera kumbuyoku. M'mawa wina kapu inawapulumuka m'manja n'kusweka, iwo anakhala pansi akuganiza za a Helen. Tsiku lobwerera kukiliniki litakwana, anauza Dalton kuti awaperekeze, ndipo alowe nawo mpaka m'kati.

Nesi Ng'andu anawayeza n'kupukusa mutu. BP inali isanatsike. Atamva nkhani yonse sanakalipe, anangotembenukira kwa Dalton.

"Mukapeza ba mami banu bamwa mapilisi, mungabalande?"

"Awe, sininga."

"Manje kuyenda nako ni mankwala. Mutima ufuna nchito. Muntu akaziyenda, magazi yayenda bwino, BP isika, na shuga sibwela mwamsanga. Imwe mukabakweza motoka pa kaulendo kafupi, mwabalanda mankwala."

Dalton anakanda m'mutu. "Nanga bantu bazakamba chani?"

"Bantu bakamba chifukwa sibaziba. Bauzeni."

Pamenepo Amayi Kathleen anagwira dzanja la mwana wawo. Mawu awo anali otsika. "Dalton, niziba unikonda. Koma sankapo. Ufuna uzinione niyenda na mendo yanga kumusika, olo ufuna uzininyamula kuchoka pa bedi monga ba Helen?"

Dalton anayang'ana pansi, misozi ili lengelenge.

Nesi anawalangiza zina. Aziyenda m'mawa dzuwa lisanakwere, ayambe pang'onopang'ono, ndipo mapilisi asasiye. Popeza misewu yambiri ilibe njira ya oyenda pansi, aziyenda mbali yoyang'anizana ndi magalimoto akubwera, atavala zowala. Akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, aime n'kubwera kukiliniki. Ndipo ndi bwino kuyenda ndi anzawo, chifukwa gulu dalaivala amaliona msanga, komanso waulesi amasowa pothawira.

Lamlungu, pa msonkhano wa mphakati, pamene mabanja oyandikana a tchalitchi chawo amakumana kupemphera, Amayi Kathleen anaimirira.

"Abale, ine sininasauke, na mwana wanga sananitaye. Nidwala BP. Mukaniona pa museu, osaimika motoka. Ngati munikonda, sikani tiyende tonse."

Anthu anaseka, koma kuseka kutatha kunapezeka kuti odwala sanali iwo okha. Mkazi wa katekisiti anaulula kuti ali ndi shuga. Mayi wina anati mawondo ake auma chifukwa chongokhala pa okala tsiku lonse. Lolemba anayamba atatu. Mwezi usanathe gulu linakula, moti m'mawa uliwonse ankamveka akuseka ndi kujedana njira yonse ya kumsika. A Kalenga nawo, amene mimba inkawatsogolera polowa pakhomo, anatulutsa njinga imene inkachita dzimbiri kuseri kwa nyumba, n'kukaipopetsa.

Mvula isanayambe, Amayi Kathleen anapitanso kukiliniki. Nesi Ng'andu anayang'ana makina oyezera BP n'kumwetulira. "Yasika, ba mami. Pitilizani chabe so."

Loweruka lotsatira Dalton anafika m'mamawa atanyamula katoni. Anagwada pamaso pa mayi ake n'kuitsegula. Munali nsapato zofewa zoyendera, ndipo iye mwini anawavula mapatapata n'kuwaveka, n'kumanga zingwe. Galimoto anaisiya pageti. Anatuluka onse awiri mumsewu, anthu akuona, iye akuyenda mbali ya kumagalimoto.

Kuyenda pansi kapena kupalasa njinga si umphawi ndipo si chamanyazi. Ndi mankhwala a mtima amene aliyense angawapeze, kaya amakhala ku Chelstone kaya ku Kabulonga kwa anthu olemera. Ngati ulendo ndi waufupi, yendani. Ndipo ngati mumakonda makolo anu, musawaletse kuyenda, yendani nawo.