Mashafiti osathyoka a bambo Evaristo

Bambo Evaristo Pagliero anali munthu wodana ndi kusekedwa, ndipo chaka chimenecho tauni yonse inali itawaseka kawiri. Kawiri konse kagalimoto kampikisano kamene ankayendetsa mwana wawo wamkazi Noelia kanafera pakati pa bwalo chifukwa chothyoka shafiti, chitsulo chija chimatenga mphamvu ku difu, bokosi la magiya la pakati pa matayala, n'kukazunguza tayala. Kawiri konsenso iwo analoza chala mwanayo.

"Mwendo wako ndi wolemera iwe. Kilatchi umaiponya ngati ukupha njoka."

Tsopano kunatsala mpikisano umodzi. Noelia akanangomaliza pakati pa otsogola, chikho cha chigawo chonse chinali chake.

Loweruka masana a gulu lothandiza galimotoyo anasonkhana ku galaja monga mwa nthawi zonse, nthiti za ng'ombe zili pamakala, kachikho ka tiyi wowawa kakuyenda dzanja ndi dzanja. Patebulo panali mashafiti a mitundu iwiri. Awiri oonda anabwera nawo Noelia kuchokera ku tauni ya Rafaela. Awiri enawo, onenepa ngati mkono wa munthu, anasula okha a Evaristo kuchokera ku chitsulo cha lole.

"Ababa, oondawa ndiwo ake," anatero Noelia. "Matayala athu amamata phula. Galimoto ikamanyamuka, shafiti imayenera kupotoka pang'ono n'kubwerera. Ikakana, kugunda konseko kukathera ku difu."

"Tizitsulo toluka nato juzi timeneti?" Anthu anaseka, a Evaristo n'kumva kukoma. "Mwathyola awiri kale, mayi. Pano ndikupatsani oti muthyoke ndinu."

A Anselmo, mlongo wa malemu akazi awo, amene nawonso anathamangitsako galimoto pa unyamata, anapukusa mutu. "Alamu, mwanayu akunena zoona. Kulimba si kunenepa. Chikhala choncho inu mukanakhala wolimba kuposa tonse pano."

Kuseka kunatembenukira kwa a Evaristo, ndipo apa ndi pamene zinthu zinaonongekera. A Evaristo akanatha kumvera mwana wawo pa awiri, koma kugonjera mlamu pamaso pa anthu, ayi ndithu. Anatenga penti yoyera n'kujambula mzere woongoka kuyambira kumutu mpaka kumchira kwa shafiti iliyonse, monga amachitira onse a mipikisano kuti aziona chitsulo chikayamba kutopa.

"Mzere uwu ukadzangokhota, ndevu izi ndidzameta. Mboni ndinu nonse."

Noelia anakulunga mashafiti ake m'nsanza, ndipo onenepa aja ndiwo anamangidwa m'galimoto.

Lamulungu bwalo linadzaza. Anthu akwawo anaimika magalimoto m'mbali mwa waya, utsi wa nyama uli tolo, ena atakwera pamwamba pa malole ndi nsalu yolembedwa dzina la Noelia. Iye anali pamzere wachiwiri. Injini zinalira, mbendera inagwa, ndipo panamveka kuti pho! Magalimoto a m'mbuyo anam'zemba uku ndi uku. Fumbi litatha, kagalimoto kofiira kanali pomwepo, injini ikulirabe koma matayala ali chete, mafuta akuda akuyenderera pansi.

Atakakankhira kumbali, a Evaristo anakwawira kunsi. Mumtima ankapemphera chinthu chochititsa manyazi: kuti apeze shafiti itathyoka. Koma mizere iwiri yoyera ija inali njo, yoongoka monga anaijambulira. Chimene chinang'ambika chinali difu. Mano a magiya anali mbwee m'mafuta, ndipo anatolako limodzi n'kulifumbata, likadali lotentha.

Anakhalitsa kunsiko kuposa mmene ntchito inafunira. Ankaona mapazi a anthu atazungulira galimoto, nsapato za a Anselmo zili patsogolo, ndipo sanafune kutuluka. Manyazi anali atawagwira.

Atatuluka anapeza Noelia atavula chipewa, tsitsi litanyowa ndi thukuta, maso ali psuu.

"Ndathyolanso eti, ababa? Pepani. Ndinayesetsa kuisiya pang'onopang'ono kilatchi ija, Mulungu akudziwa."

Chinawabaya n'chakuti mwanayo ankakhulupiriradi kuti wolakwa ndi iye. Anali atamuuza zimenezo chaka chonse mpaka zinamulowa. Pakanangofunika kugwedeza mutu basi, nkhani n'kuthera pomwepo, poti kunsi kuja kunalibe wina analowako. A Anselmo ankangoyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Bola akanawanyoza.

"Si iwe," anatero a Evaristo. Anatambasula dzanja kuonetsa dzino la giya lija. "Mashafiti ali bwinobwino. Ndi difu. Unanena."

Noelia anayang'ana dzinolo, kenako anayang'ana kubwalo kumene anzake ankadutsa mokuwa, chikho chake chikupita nawo. Sanalire, sanakalipe. Anangopita kukakhala kumbuyo kwa lole yekha.

"Koma ndevu zapulumuka," wina anayesa nthabwala. Palibe anaseka.

Lolemba m'mawa a Evaristo anafika ku galaja chibwano chili mbee, ndevu zimene anazisunga kuyambira Noelia asanabadwe zitapita zonse. Mashafiti oonda aja anali atawamasula m'nsanza n'kuwaika patebulo, kabulashi ka penti kali pambali. Anaimirira chapatali ngati mlendo, kudikira kuti mwanayo aseke, kapena awatukwane, chilichonse.

Noelia atalowa anayang'ana chibwano chija.

"Ndevu sizibweza chikho, ababa," anatero. Anatenga kabulashi kaja n'kuyamba kujambula mzere yekha. "Gwirani uku, musagwedeze."