Kachingwe ka M'jekete la a Overtoun

Anali mkati mogawa zovala za malemu pamene azakhali a m'banjamo, a Ketrina, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachingwe kofiira ka mfundo ziwiri, kokulungidwa pa kakhadi. Anakataya pansi ngati kawawotcha.

"Alamu, achimwene anga, mkulu wa mpingo wathunthu, ankayenda ndi chithumwa mu Glasgow muno?"

Mayi Winifred anaseka koyamba chiikireni amuna awo m'manda. Anati a Overtoun, amene anawotcherera sitima zapamadzi ku Govan zaka makumi awiri, sankamwa ngakhale panado asanamupempherere. Koma azakhali sanamve zimenezo. Anati kaponyedwe mu mtsinje wa Clyde amayi a Mvano asanamve, poti khoma lili ndi makutu.

Towera, mwana yekhayo wa malemu, anatola kakhadiko. Kanali ka shopu yogulitsa mfuti ya kunja kwa mzinda. Anali atapeza ntchito yochepetsa agwape m'nkhalango za kumpoto, laisensi ya mfuti apolisi anali atamupatsa, koma bambo ake anamwalira asananenepo kuti pita bwino. Ankangoti sanakwere ndege kudzalera mlenje. Tsopano ntchito inali kuyamba Lolemba, mfuti analibe, ndalama zambiri zinapita kumaliro, ndipo iye anali ataganiza zoikana. Kupita kumapiri ndi mkwiyo wa munthu wakufa kunkamuopsa kuposa chisanu.

M'mawa mwake anapita ku shopuko onse atatu. Azakhali anati akungoperekeza, koma aliyense ankadziwa kuti akufuna kukaona sing'angayo ndi maso awo.

Sing'angayo anali mzungu wadazi, mwini shopuyo, dzina lake Keith, wa magalasi olendewera pamphuno. Towera atamuuza kandalama kamene anali nako, Keith anayala mfuti zitatu zakale. Azakhali nthawi yomweyo anakonda yonyezimira, nati ngati mwana akulowerera, alowerere mooneka bwino. Towera anaiika paphewa, koma chala chinavutika kufika powombera. Yachiwiri inali yolemera ngati munsi, yachitatu yaitali mopitirira. Atsikana aafupi dziko limawaiwala.

Potulutsa laisensi m'chikwama, kachingwe kaja kanagwera patebulo. Keith anakayang'ana, n'kuvula magalasi, n'kufunsa ngati iwo anali abale a bambo wa jekete labuluu uja. Atamva kuti anatisiya, anawapepesa. Kenako anafotokoza kuti bamboyo anabwera Loweruka kanayi konse. Mfuti sanaigwirepo; ankaima manja ali kumbuyo ngati ali pamaso pa abusa, n'kumafunsa kuti yosakankha phewa kwambiri ndi iti, yosachita dzimbiri pamvula ndi iti. Pa mtengo ananenerera mpaka Keith anatuluka thukuta.

"Amenewo ndiye achimwene anga," anatero azakhali, mokhala ngati za chithumwa ananena ndi munthu wina.

Keith analowa kuseri n'kubwera ndi mfuti yachinayi, yokandikakandika, yosakongola n'komwe, koma mpope wake uli woyera mbee. Thabwa lotsamira paphewa anali atalidula kale molingana ndi kachingweko. Kandalama ka Towera kaja kanakwanira, n'kutsalako ya petulo.

Towera anaikweza. Inakhala paphewa ngati inabadwira pomwepo, chala chili pamalo pake. Apo m'pamene anakumbukira tsiku lina Khirisimasi isanafike, bambo ake atamuimika m'khitchini kuti amuyeze mkono, ati akufuna kumugulira juzi. Juziyo sinabwere, ndipo iye anawaseka mwezi wathunthu kuti ndi aumbombo. Misozi inatsika, koma ankaseka.

Mayi Winifred anatenga kachingwe kaja n'kutambasula mkono wa mwana wawo. Mfundo ina anaiika mkati mwa chigongono, inayo inakathera ndendende pa chala cha mkombaphala.

"Juzi yako ija ndi imeneyi, mwanawe," anatero. "Lolemba upite."