Mchere wa Lazalo

Amene anapha Lazalo ndi mkulu wake wa bere limodzi, Jasten. Sanagwire nkhwangwa ayi. Anangomumana mchere, mlandu wonse n'kuusenzetsa Keziya, mkazi wa malemuyo.

Zinachitikira pa famu ya fodya ku Tengwe, kutali ndi kwawo ku Nyasalande, m'masiku a Chitaganya. Lazalo ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya, thukuta kamukamu tsiku lonse. Chaka chimenecho anayamba kuda. Munthu anali wakuda kale, koma uku kunali kuda kwina: mizere ya m'manja, zigongono, nkhama, zipsera zakale, zonse bii ngati makala. Anzake ankamuseka kuti utsi wamulowa m'khungu. Anaonda, ankasanza, akadzuka mofulumira chizungulire chinkamukhazika pansi.

Ndiye mchere! Wa poso, umene ankalandira pa famu, sunkafika pakati pa sabata. Tsiku lina Keziya anamupeza kukhola akunyambita mwala wa mchere wa ng'ombe za mzungu.

"Abambo a Filesi, mwasanduka thole?"

"Ndisiye, mayi. Ndikanyambita, miyendo imabwerera."

Keziya anaseka, n'kumangothira wambiri m'ndiwo. Bambo aja ankapitabe ku ntchito.

Jasten anali foromani, komanso mkulu wa mpingo pa komboni. Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi anamuyang'ana mng'ono wakeyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kugamula kuti ndi mdulo. Aliyense wochokera ku Nyasalande amaudziwa: mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amafota mpaka kufa.

"Alamu, tchulani dzina la mwamunayo, tipeze mankhwala."

"Mwamuna uti? Ndimaweruka kumunda msana utathyoka. Ndigone ndi ndani, khasu?"

"Pakamwa pamenepo ndi pomwe pakutha mng'ono wanga."

Jasten ananyamula chitini cha mchere cha m'nyumba ya Keziya. Analamula kuti Lazalo azikadya kwa iye, ndiwo zosathira kanthu, mpaka mkazi aulule. Abusa a ng'ombe anauzidwa kuti akamuona kukhola amuthamangitse.

"Achimwene, pang'ono pokha, kunsonga ya chala," Lazalo ankatero. Jasten ankangopukusa mutu.

Keziya anapempha mchere kwa amayi ena a Chishona, n'kuumanga pakona ya mpango. Anamupeza mwamuna wake atatsamira khoma la balani, milomo itauma gwa. Anamasula mfundo, n'kumutambasulira dzanja. Lazalo anauyang'anitsitsa mcherewo. Kenako anakankha dzanjalo.

"Wa m'manja mwako ayi."

Chimene chimamuwotcha Keziya mpaka lero ndi chimenecho. Mwamuna amene anabereka naye ana anakhulupirira mkulu wake.

Fodya atachuluka m'mabalani, Lazalo anagwa masanasana pafupi ndi ng'anjo, thupi zii, ngati munthu wonyowa ndi mvula. Lole ya pa famu inamutengera kuchipatala, Keziya atamugoneka pamiyendo. Dokotala anayang'ana m'kamwa, anatembenuza zikhatho, n'kufunsa kudzera mwa womasulira: "Kodi munthuyu amakonda mchere?"

Keziya analira mokweza mpaka odwala ena anadzuka.

Womasulira anamufotokozera. Pamwamba pa impso iliyonse pamakhala kachiwalo kakang'ono, kokhala ngati kachipewa. Tiziwalo timeneti timatulutsa timadzi tolowa m'magazi, tosunga mchere m'thupi ndi kulimbitsa munthu akatopa kapena akadwala. Ta Lazalo tinadyedwa ndi chifuwa chachikulu. Mchere unkangotuluka ndi mkodzo ndi thukuta, kudako kunachokeranso pomwepo. Kunyambita kuja n'kumene kunkamusunga. Mankhwala ake analipo, akanabwera msanga.

Anamulowetsa madzi a mchere m'mitsempha, botolo lathunthu, lopachikidwa ndi nesi amene palibe anamufunsa kumene anagona. Koma mtima unali utatopa kale. Lazalo anamwalira osatsegula maso, osamva mawu amodzi a dokotala.

Pa maliro Keziya anaimirira pamaso pa amuna, zimene mkazi wamasiye sachita, n'kunena zonse: impso, tizipewa, timadzi. Jasten anadikira kuti amalize.

"Mzungu adziwa chiyani za mdulo? Kwawo kulibe."

Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Amayi ophika anamuchotsa pafupi ndi miphika. Kuyambira pamenepo mbale yochokera m'nyumba ya Keziya imabwerera yosakhudzidwa, ana a eni ake amaitanidwa akangofika pakhomo pake. Jasten akadali foromani, ndipo Lamlungu amawerengabe Mawu ndi jekete yoyera.

Tsono inu amene mwawerenga izi, ena mwa inu munali pa maliro paja, mitu yogwedera ija inali yanu. Keziya alumbire pa chiyani kuti mumukhulupirire? Baibulo lili m'manja mwa Jasten, mboni ya Keziya ili pansi pa dothi. Musayang'ane kumbali. Muyankheni.